Mzere Wodzidya Wokha

Lefina, kalaliki wa mayina a makuponi, anachotsa zala pa kompyuta ngati wagwira moto.

Ankalemba lamulo lofufuta mndandanda wa chaka chatha. Mzerewo utafika kumapeto kwa sikirini yakudayo sunatsike m'munsi, unabwerera n'kuyamba kudya zilembo zake zomwe. Akati akonze, chaka chinkasintha chokha: 2007, 2008, 2007.

Panja alimi a ku Wimbe anali padzuwa chiyambire m'mawa, kudikira kumva mayina awo. Mndandanda wa chaka chino Lefina anali asanausunge kwina kulikonse.

"Bwana, sindikudziwa kuti ifufuta uti," anatero Lefina.

A Yobe, bwana wake, anayang'ana pawindo. "Anthu atopa, mayi."

Anadutsitsa dzanja paphewa pa Lefina n'kudina batani lotumiza lamulolo. Kompyuta sinaonetse kuti yafufuta mndandanda uti.