Mzere 612

Lachinayi pa 14 Sepitembala 2023, nthawi ili 15:52, Regina Mpundu analemba mawu asanu ndi atatu pa mzere 612 wa fayilo 27. Mawuwo anali olondola. Zimenezo palibe anatsutsapo.

Regina ankagwira ntchito ku Woodlands, m'nyumba imene bungwe lina losonkhanitsa zilankhulo linaisandutsa ofesi. Ankamvetsera mawu ojambulidwa a anthu a mu Lusaka, n'kumawalemba pa tsamba la pa intaneti, mzere ndi mzere. Lamulo linali loti ulembe zonse monga wamvera, ngakhale kutsokomola. Ukafika pa dzina la munthu kapena la malo, ulilembe kaye, kenako uliike chizindikiro chobisa kuti anthu akunja asadzalione. Oliona anali a m'kati okha: olemba ndi owunika.

Owunika sankaoneka maina. Ankangotulukira m'mbali mwa tsamba ngati kadontho kokhala ndi nambala. Koma aliyense ankadziwa kuti woopsa ndi a Kunda Mulubwa, mkulu wa ntchitoyo. Anali atamuchenjeza kale Regina kawiri chifukwa chosiya mipata. Kachitatu, ntchito ikanathera pomwepo. Sabata imeneyo a Kunda anali ku Mansa kukajambula mawu ena, koma mu ofesi ankati bamboyo akachoka diso lake limatsala.

Mu fayilo 27 munali mayi wogulitsa tomato ku msika wa Soweto, mu Lusaka momwemo. Anali wa pakamwa pokoma, woseketsa. Bungwelo linadulako kachigawo ka mawu ake n'kukaika pa Fesibuku, limodzi ndi khomo lolowera pa tsamba lija, poitana anthu odzipereka kuti adzathandize kulemba. Kachigawoko kanali ka nthabwala za makasitomala. Zotsalazo zinali za mwamuna amene mayiyo anamuthawa ku Kitwe mu 2016, nthiti ziwiri zili zothyoka, mwana ali kumsana.

"Nankhala makomboni yanayi," anatero mayiyo m'makutu mwa Regina. "Akanipeza, nichokapo."

Pa mphindi 41 anatchula kumene akukhala tsopano. Nthawi yomweyo minibasi inaliza hutala pafupi. Regina analemba pa mzere 612 kuti: sizikumveka.

Lolemba m'mawa kadontho kofiira kanaima pa mzere 612. Wowunika 3. Kanasiya ndemanga: "Mvelani futi. Ni kuti?"

Mpata wachitatu unali umenewu.

Lachiwiri anabwereza chigawocho mpaka anatolamo liwu limodzi. Analemba kuti Chelstone, n'kulibisa monga mwa lamulo. Patapita mphindi zinayi ndemanga inabwera: "Chelstone ni ikulu. Pitilizani. Kulibe changu."

"Ba Kunda sagona?" Regina anafunsa Agness, mnzake wa pa tebulo loyandikana.

"Uja? Olo mu bokosi azauka akuuze ati waiwala kuika ka chizindikilo ka koma," anatero Agness. "Lemba chabe, mwana, tisakupelekeze pa geti."

Lachitatu kadonthoko kanafika 08:10. Sikanalembe kanthu. Sikanapite pa mzere wina, kapena mu fayilo ina. Kanangokhala pa 612 mpaka 16:30, ngati munthu woima pakhomo amene wagogoda kale.

Lachinayi Regina sanapite kukadya. Anabwereka mahedifoni a Agness, amene ankatseka bwino makutu. Anachepetsa liwiro la mawu mpaka mayiyo anayamba kumveka ngati akulankhulira m'madzi. Anamvetsera maulendo makumi atatu ndi umodzi. Ankawerenga ndi timizere pa pepala. Pansi pa hutala uja mawu anayamba kutuluka limodzilimodzi.

Kumbuyo kwa tanki, geti ya gilini, nyumba yachitatu.

Anawalemba. Anawaika chizindikiro chobisa, onse asanu ndi atatu. Kadontho kofiira kanayenda pamwamba pa mawuwo kuchokera kumanzere mpaka kumanja, pang'onopang'ono. Kenako kanazima. Ndemanga panalibe. Kwa a Kunda, kukhala chete ndiko kunali kuyamikira. Regina anavula mahedifoni, n'kupuma ngati wotula mtolo.

Lachisanu anapitiriza fayilo ija ndi mtima wopepuka. Anali pa mzere 640 pamene a Kunda analowa, chikwama paphewa, fumbi la pa siteshoni ya mabasi ya Intercity lili m'nsapato.

"Ba Kunda, mwaiona 612? Nasiliza."

"612 ya chani?"

"Ija munanivutitsa nayo sabata yonse. Wowunika 3."

A Kunda anatula chikwama pansi. "Kumene n'nali kunalibe netiweki. Ndipo owunika tili awili chabe, ine na ba Helen."

Anatsegula kaundula wa olowa pa tsambalo. Khomo limene anaika pa Fesibuku lija silinali la olemba. Molakwitsa, anaika la owunika. Munthu mmodzi analowerapo pa 9 Sepitembala, natsegula fayilo imodzi yokha, natuluka Lachinayi 15:53.

Mahedifoni anali pa tebulo, mayi uja akulankhulabe. "Uja mwamuna sakalipa, iyayi. Amangoseka, ati kulibe changu."

A Kunda anaimba nambala imene mayiyo analemba pa fomu yovomera kujambulidwa. Anaimba 10:20, 10:22, ndi 10:31. Foni inkalowa, koma yosayankhidwa. Mpaka Lolemba pa 18 Sepitembala, tebulo lake la tomato ku Soweto linali lovundikirabe ndi saka.