Ananamiza Bambo Ake Chifukwa cha Mapointi a Hotela

Panali munthu wina, wogulitsa mankhwala a ziweto, amene ntchito yake inali ya maulendo. Akapita kumzinda waukulu, kampani inkamugoneka pahotela yapamwamba ya pakatikati pa tauni, yomwe mumagona anthu a mabizinesi. Hotelayo inali ndi dongosolo loti ukagonapo amakupatsa mapointi, ndipo akachuluka umagona ulere. Mkuluyu ankawasunga ngati mazira. Kampani inkamulipirira kachipinda ka pansi koyang'anana ndi khoma, koma mtima wake unali pa chipinda cha pamwamba penipeni, chokhala ndi bafa lalikulu ndi zenera loonetsa mzinda wonse.

Mapointi atangokwana, bambo ake omubereka anadwala. Miyendo inkatupa, akayenda pang'ono, befu. Adokotala anati apite kuchipatala chachikulu cha mumzinda uja akawapime.

Mkazi wake anati, "Bambo a ana, mwayi wake ndi umenewu. Chipatalacho si chili pafupi ndi hotela yanu ija? Tengani chipinda wamba cha mabedi awiri mukagone ndi apongozi, asakavutike ndi mabasi."

"Mapointi aja anatha ntchito," iye anayankha osaphethira n'komwe. "Ukachedwa nawo amafufuta."

Linali bodza lamkunkhuniza. Anali atasungitsa kale chipinda cha pamwamba chija, ndipo anali ataitana anzake akusukulu, omwe ankamuseka kuti amanunkha mankhwala a nkhupakupa, kuti adzaone pomwe wafika.

Atafika mumzinda, anakasiya bambo ake kwa msuweni wake, wosoka nsapato, yemwe ankakhala m'kachipinda kamodzi kumapeto kwa mzindawo. Kuchoka kumeneko kukafika kuchipatala unali ulendo wa mabasi awiri.

"Ine kampani yandipezera malo kunyumba yogona antchito, alendo saloledwa," anatero. "Mawa ndidzakutengani."

"Usadandaule, mwana wanga. Ntchito ndiyo imatidyetsa."

Iye ulendo wa kuhotela. Kapeti wake womira mapazi, mathaulo oyera mbee, bedi loti n'kugonapo anthu anayi. Ataliona bedilo anakumbukira bambo ake, koma anangokweza wailesi yakanema n'kuyamba kudzijambula zithunzi.

Kutacha anzake aja anatulukira kudzadya naye chakudya cha m'mawa. Anaganiza zowasiya, koma m'modzi anamumenya paphewa n'kuti, "Aise, iwe watukukatu!" Basi, zonse zinathera pomwepo. Anapita pambali n'kuimba foni.

"Bambo, abwana aitanitsa msonkhano wadzidzidzi. Mungathe kupita nokha?"

"Ndipita, ndizifunsa njira."

Madalawo ananyamuka osadya kanthu, poti adokotala anati asadye asanawatenge magazi. Msuweni anawakweza basi yoyamba n'kubwerera kuntchito yake.

Zopima zitatha, tsiku lotsatira bambo ndi mwana anakwera basi yobwerera kwawo. Atangotuluka mumzinda, madala anayankhula.

"Mumzindamu muli munthu wofanana nawe zedi."

"Kuti, bambo?"

"Nditatuluka m'chipatala miyendo inakana. Ndiye ndinakhala pakakhoma ka maluwa kutsogolo kwa chinyumba chachitali cha magalasi. Kuyang'ana mkati, munthu akudya ndi anzake, mbale ili tho. Kasekedwe kake ngati kako komwe, mpaka kugwira pamimba. Ngakhale malaya."

Madala anapitiriza.

"Ndinati ndimukweze dzanja, koma kunabwera mlonda n'kunena kuti, 'Agogo, pano sipokhala.' Ndinanyamuka. Mumtima ndinati bola sanandione, ndikanamuchititsa manyazi pamaso pa mabwana anzake."

Sananene mokwiya ayi. Anangotsamira pazenera n'kutseka maso. Njira yonse mwana wawo ankangoyang'ana mapazi otupa aja m'nsapato zosamanga zingwe.

Kunyumba chakudya chinamukana. Mkazi wake atamupanikiza, anaulula zonse. Mayiyo sanalalate. Anangoti, "Kundinamiza ine ndipirira. Koma munthu wodwala, wanjala, inu mukumeza iye akukuonani? Bambo a ana, zimenezi mukazikonze nokha."

Zotsatira zitatuluka, zinaonetsa kuti madala ali ndi vuto la mtima ndipo ayenera kubwereranso kuchipatala. Mkuluyu anapita kukawauza. Anawapeza atakhala pakhonde, miyendo ataisanjika pampando. Anagwada.

"Bambo, munthu munamuona uja ndinali ine."

"Ndikudziwa. Mwana wobereka ndekha ndingamusokoneze ndi wina?"

"Ndikhululukireni. Ulendo uno tikagona limodzi pahotela ija. Ndilipira ndekha, musankha chipinda chomwe mukufuna."

Madala anapukusa mutu. "Kukhululuka ndinakhululuka ndili pakakhoma paja. Koma ukandisiye kwa msuweni wako. Iye uja anandipatsa bedi lake, yekha n'kugona pasimenti. Ndisananyamuke anandifunditsira madzi n'kundithowa miyendo. Kumeneko ndinagona bwino."

Zinaterodi. Ulendo wachiwiri madala anagona kwa wosoka nsapato uja, mwana wawo atayala katoni pansi pafupi ndi bedi. Amene amamudziwa mkuluyu akuti mpaka pano kampani ikamugoneka pahotela ija, amanyamuka m'mawa osadya. Chipinda chodyeramo amangochilambalala, nkhope atazolika.

Phunziro: Mapointi ukawataya umawapezanso, koma tsiku limene kholo lako linakufuna iwe n'kulinamiza silibwerera. Anzako amene ukufuna akutame adzakuombera m'manja akhute, kenako azipita. Kholo lingakukhululukire ndithu, koma manyazi utsala nawo ndiwe. Ngati makolo ako alipo, chabwino chako chiyambe kufika kwa iwo. Usaisunge wekha nkhaniyi, itumize kwa abale ndi anzako, mwina wina asintha maganizo nthawi ikadalipo.