Chingwe Chikakana Kutuluka

Panali chinthu chimene mtsikanayo anali asanauzepo munthu, ngakhale mayi ake. M'mawa uliwonse ankamasula chingwe cha makina otchetchera udzu a bambo ake, n'kuchikulunganso bwinobwino iwo asanadzuke.

Tsiku lina anagonereza. Anapeza bambo ali kale panja, akuyesa makinawo asanapite kuntchito. Ankagogoda mutu wa makinawo pansi, koma chingwe osatuluka.

"Makina a masiku anowa ulesi wake ngati mchimwene wako," anatero bambo akuseka, n'kuwazimitsa.

Mtsikanayo anagwada n'kutsegula chivindikiro. Chingwe chinali chitapanikizana, chifukwa bambo anali atachikulunga mobwerera, mosemphana ndi kamuvi kojambulidwa pa kagudumu kake. Chonsecho ndi bambo omwewa amene anamuphunzitsa kuti chingwe chimatsata kamuvi. Mtsikanayo anachikulunganso motsata kamuviko.

"Tabweretsa kuno, mwanawe, ndimalize ndekha."

Bambo anagwira nsonga ya chingwe kuti ailowetse pa kabowo kotulukira. Anaphonya. Anayandikitsa kagudumuko mpaka pamphuno, akutsinzinira, koma anaphonyanso. Kenako chala chawo chinayamba kupapasa, kufunafuna kabowoko.

"Dzuwali likundithobwa m'maso," anatero.

Onse awiri anali pamthunzi wa khoma.

Mtsikanayo anagwira dzanja lawo lokhakhalalo, n'kulilondolera mpaka chingwe chinalowa. Koma dzanjalo sanalisiye. Maso ake anali pa udzu.

"Ababa, si dzuwa ayi," anatero chapansipansi. "Maso anuwa sakuonanso bwino, ndipo ine ndinadziwa kalekale. Tiyeni ndikuperekezeni kuchipatala."