Wa Ambulera Yachikasu

Anandipeza pampopi wa pasukulu yathu ya zojambula, kutangoda, ndikutsuka maburashi. Anali mnyamata wamtali, atafunda ambulera yachikasu, chonsecho kunja kulibe mvula.

Mtima wanga unali m'malo, chifukwa chithunzi changa cha khamu la pasiteshoni, choti ndikapereke mawa lake, chinali chitatha. Aphunzitsi anali atanena kuti m'khamu musamakhale nkhope yokopa maso, choncho munthu mmodzi ndinamufafaniza ndi utoto wotuwa.

"Achemwali, mundibwezere pamalo panga," anatero mwaulemu. "Anzanga akundifunafuna."

Ndinaseka. "Kodi ndinu ndani, achimwene?"

Pamapewa pake pankadontha utoto wotuwa, wosauma.

"Mwaiwala kale? Aliyense wa ife munamulembera dzina ndi pensulo, mobisa, kuseli kwa chithunzi." Anamwetulira ndendende mmene ndinamujambulira. "Ine munandilemba kuti Wanga."