Apongozi pa Bedi Lachisanu

Nesi anawerenga fayilo kachitatu, koma dzina silinasinthe. Bedi lachisanu: mayi wa chilonda cha khomo la chiberekero, ndipo dokotala walamula kuti azitsukidwa m'kati ndi madzi amchere m'mawa uliwonse. Mayiwo anali apongozi ake akale, omwe aja anamuponyera zovala panja zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, amvekere mkazi wosabereka amangotha sopo m'nyumba.

Anazungulira wodi yonse kufuna wosinthana naye. Mnzake wina anali ku thiyeta, wina atatanganidwa ndi wodwala mwakayakaya. Asisita oyang'anira wodi anangoti, "Bedi lachisanu ndi lanu," osadzutsa n'komwe mutu.

Nesi uja anakweza masiki mpaka m'munsi mwa maso, chipewa n'kuchikokera pamphumi. Ankadziwa kuti apongoziwo akamuzindikira akuwa mpaka wodi yonse imve. Mayi amenewa angalole kufa kusiyana n'kumuvulira iyeyo.

Anatseka makatani. Mayi aja anali atatheratu, maso ali kudenga. Fungo la chilondacho linali litatembenuzira odwala anzawo kukhoma.

"Ndikutsukani kunjira, mayi," anatero ndi mawu a m'mphuno osakhala ake. "Mukamva kupweteka munene. Mwataya madzi kale?"

Iwo anangogwedeza mutu movomera.

Anayala pulasitiki, n'kulowetsa bedipani yolandirira madzi pansi pa chiuno chawo, n'kuwafunditsa kuti paoneke pofunika pokha. Madzi anawayesa pamkono, anali ofunda bwino. Chitini cha madziwo anachipachika chapafupi kuti madzi asalowe mwamphamvu, anatulutsa mpweya m'chubu, n'kuvala magolovesi. Anawerenga mpaka khumi chamumtima, kenako analowetsa kampopi kakumapeto kwa chubu pang'onopang'ono.

Madzi anayamba kubwerera ofiirira, kenako otuwa, mpaka anayera. Mayi aja anabuula kamodzi, atagwiritsa chitsulo cha bedi. Nesi anatsala pang'ono kunena kuti "pepani amayi" ndi mawu ake enieni, koma anadziluma lilime. Anawapukuta, anawaika padi, anawakonzera pilo, n'kutuluka ndi changu cha munthu woti waba.

Pasinki anasamba m'manja nthawi yaitali. Wapulumuka lero, nanga mawa? Nanga mkuja? Bola apemphe kupita kuwodi ya ana.

Asisita anamupeza pomwepo. "Zatheka?"

"Zatheka, koma mawa muikepo wina. Ndi mayi a mwamuna wanga wakale aja. Akanadziwa kuti ndi ineyo, sakanalola ndiwakhudze."

Asisita anayankha motsitsa mawu.

"Masiku atatu akhala akukana nesi aliyense, ndi ine ndemwe. Dzulo anakuonani mukudutsa pakhonde. Anandiitana n'kundiuza kuti, 'Ine ndivulira mpongozi wanga yekhayo. Koma musamuuze kuti ndapempha ndine. Ndinamulakwira mwanayo, akadziwa sabwera.'"