Makina Opumira a Achimwene

Aka kanali kachitatu Dinah kupeza makina aja ali kunja kwa sutikesi.

Anali atawalongedza yekha m'mawa womwewo, pakati pa malaya a achimwene ake a Vitus, paipi yake ataikulunga bwinobwino. Anangopita kukhitchini kukatereka tiyi. Pobwera anapeza makina akankhidwira kunsi kwa bedi, ndipo pamalo pake pagona madiresi awiri ndi nsapato za gogoda.

Dinah anali atangotha sabata imodzi mu Nairobi. Anachoka ku Dedza kudzasunga nyumba ya ku Roysambu, poti a Vitus ndi akazi awo a Lenah amapita ku Mombasa kukakwera sitima yapamadzi. Masiku asanu ndi awiri panyanja, kudya momwemo, kugona momwemo. Ulendowu anawakonzera ndi mwana wawo woyamba, Watipa, pokondwerera kuti makolo ake atha zaka 25 ali pabanja.

Tsiku lomwe anafika, Dinah anaona kabokosi kotuwa pambali pa bedi, kali ndi paipi komanso chovala kumphuno. Anafunsa kuti nchiyani.

"Ndi anga amenewo," anayankha msanga a Vitus. "Ndimaliza mkonono, kenako mpweya umaima ndili mtulo. Makinawa amandipopera mpweya. Adokotala anati usiku ngakhale umodzi ndisagone opanda iwo."

Dinah anayang'ana mimba ya achimwene ake, nkuyang'ana khosi, nkugwedeza mutu. Ngakhale malemu bambo awo ankaliza mkonono womveka mpaka kwa aneba. Nzakumtundu.

Chomwe chinamudabwitsa nchakuti sabata yonseyi mkonono umamvekabe kudutsa khoma, ngati chigayo cha dizilo. Umalira, nkuduka, zii, kenako nkuyambiranso mobanika. Makina alipo, nanga bwanji? Yankho analipeza yekha: alamu akewo amawathimitsa, mwina phokoso, mwina kuumira magetsi. Mkazi wake amene, woonda ngati bango, wosayankhulayankhula, ntchito kusinza. Kutchalitchi anasinza. Mu matatu, minibasi ya kumeneko, popita kumsika anasinza mpaka kondakitala kuchita kuwagwedeza. Dinah ankangoti mumtima, achimwene anakwatira ulesi.

Tsono lero zafika poti awasiyire makina kunyumba?

A Lenah analowa m'chipindamo atanyamula matawulo. Ataona makina ali m'manja mwa Dinah anaima.

"Alamu, tazisiyani zimenezo. Malo atha."

"Malo a gogoda alipo, a moyo wa munthu palibe?"

A Lenah anakhala pabedi. Anayankhula motsitsa mawu. Akuti m'sitima antchito amalowa m'chipinda tsiku lililonse kudzayala bedi, akaona chinthucho akayesa abwera ndi wodwala wa kuchipatala. Komanso a Joanna, mnzawo wa kutchalitchi, akwera sitima yomweyo ndi amuna awo, chipinda choyandikana.

"Pakamwa pa a Joanna simupadziwa inu. Pofika Lamlungu, Amalawi onse kuyambira ku Kahawa mpaka ku Embakasi akhala atamva. Ndi sabata imodzi yokha, alamu. Munthu sangafe."

"Sangafe? Ndinu dokotala inu?" Dinah anaponya madiresi aja pampando. "Manyazi anu ndi omwe akaphe achimwene anga pakati pa nyanja? Ndiye maliro ake tikawatenga bwanji kumeneko, pa bwato? Kumudzi ndikanena kuti chiyani, kuti anafera nsapato?"

A Lenah anangoyang'ana pansi, nkumapinda thawulo lomwe linali lopindapinda kale.

Dinah anabwezera makina m'malo mwake, nkutseka sutikesi, nkukhalapo. Thupi anali nalo, zipi sinavute. Analumbira kuti sachokapo mpaka takisi itafika, ndipo anthuwa akangonyamuka aimba foni ku Dedza kuti ankhoswe adziwe mkazi amene akusunga m'bale wawo.

Kunja galimoto inaliza hutala kawiri. Ndege ya ku Mombasa inali ya folo koloko, ndipo msewu wa Thika, wothinana magalimoto, sunkamvera munthu.

Kenako pakhomo panamveka makiyi. A Vitus analowa ali wefuwefu, masitepe a nyumba zosanja atawamaliza. Dzanja lina botolo la madzi apadera othira m'makinamo, lina kapulagi kogwirizana ndi magetsi a m'sitima, komwe anakasaka m'mashopu atatu m'tauni.

"Woyendetsa takisi akuti haraka, haraka, tifulumire. Nanga iwe wakhaliranji pa sutikesi?"

Dinah anali akudikira funso lomwelo. Anafotokoza zonse, osasiya kanthu: katatu konse makina kutulutsidwa, madiresi, a Joanna, mkonono wa usiku uliwonse pamene makina ali chikhalire. Pomaliza analoza alamu ake ndi chala.

"Achimwene, tsegulani maso. Mayi awa sakukufunirani zabwino."

Anayembekeza kuti nyumba igwedezeka. Koma a Vitus anangoika botolo lija patebulo, nkupukuta thukuta, nkukakhala pabedi pafupi ndi akazi awo. Anawagwira dzanja.

"Mayi a Watipa, tinapangana kale. Pabwalo la ndege ndinyamula ndine. A Joanna akafunsa ndikanena kuti ndi anga, monga ndimanenera kwa aliyense. Koma ikakwana nthawi yogona mukavala, poti ndi anu. Zomakhala tcheru kukugwedezani kuti mupume, ngati sabata ino, ine ndatopa nazo. Tapita awiri, tikabwere awiri."