Mphuno ya Galu ndi Kolala ya Khwangwala

Padangokhala, kale msika ukadali ndi ulemu wake, boma la nyama linaika Galu kukhala woyendera chakudya. Thumba lililonse la chimanga ankayamba walinunkhiza. Likamveka chuku ankalibweza, ngakhale mwini wake akhale Njovu.

Koma Thadzi ankatopa nawo mzere wodikira kuti Galu amalize, anapiye akumulirira njala. Tsiku lina kunatera Khwangwala, atavala kolala yake yoyera.

"Achimwene, za mphunozi n'zachikale," anatero. "Tiyeni tipikisane, tione amene amalize msanga."

Galu akadali pa thumba loyamba, Khwangwala anali atadumphira matumba onse. "Zonse zili bwino! Gulani!"

"Koma ili lavunda m'kati," anatero Galu.

"A Galu, mwagonja basi, tichokereni!" Amene anakuwa koposa onse anali Thadzi.

Galu anapinda mchira, nakagona pakhonde. Chimanga cha m'thumba lija chinadwalitsa anapiye a Thadzi, ndipo awiri sanadzukenso.

Mpaka lero Thadzi amayamba wajompha njere yekha, n'kuilavula, kenako n'kuitana ana. Akamadutsa pakhonde amaima, mwendo umodzi m'mwamba, kuyang'ana mphuno ija ntchentche zikuterapo.

Yanga yathera pompa.